Zaluso za Ana Zochokera Paulendo: Kope, Mapu, Utoto wa Dothi ndi Phiri la Mapepala

Mukamufunsa mwana kuti, "Waona chiyani paulendo uja?" yankho lake kawirikawiri silikhala limene mumayembekezera. Inu mwavutika kumutengera kukaona mathithi aakulu, iye akukufotokozerani za galu wa khutu limodzi amene anagona pansi pa benchi pokwerera basi. Mwana wanga wamkazi anachita zomwezo ali ndi zaka 6. Tinayenda tsiku lathunthu kukaona nyanja. Titabwerako anajambula nsapato imodzi yong'ambika imene anaipeza pamchenga, nyanja yonse n'kuiika pakona ngati kamzere kabuluu. Ine ndinatenga pensulo n'kuyamba kumukonzera. Ndinakulitsa nyanja, ndinawonjezera bwato ndi dzuwa. Anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Amayi, chimenechi tsopano n'chanu." Anadzuka n'kutuluka, ndipo kope lija sanaligwirenso kwa milungu itatu.

Kuyambira tsikulo ntchito yanga ndi kupereka zipangizo, kufunsa mafunso ndi kugwira zinthu zakuthwa. Manja anga safika papepala la mwana. Zonse zimene ndalemba m'munsimu zaima pamfundo imeneyi. Ndikamanena za ulendo musaganize za ndege zokha ayi. Kukaona agogo, kuperekeza wachibale kumzinda wina, ngakhale kuyenda ola limodzi m'njira imene mwana sanadutsemo, zonsezi n'zokwanira. Malo akutali amene simungathe kufikako muwafikira kudzera m'zithunzi ndi m'mapu.

Poyambira: kusoka kope la paulendo

Kope logula lili ndi vuto limodzi. Limaoneka lokongola moti mwana amaopa kulidetsa. Kope limene wasoka yekha amalilemba mopanda mantha, ndiye yambani ndi limeneli kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti munyamuke.

Tengani mapepala 6 opanda mizere a saizi ya A4, katoni yopyapyala ya chikuto, ulusi wolimba wotalika ngati mkono wanu, singano yaikulu ndi msomali. Mwana apinde pepala lililonse pakati, alowetse lina m'kati mwa linzake, kenako onse awaike m'kati mwa chikuto. Mapepala 6 opindidwa chonchi amapereka masamba 24, ndipo amenewa ndi okwanira ulendo umodzi. Mukachulutsa masamba, otsala opanda kanthu amamufooketsa mwana.

Tsegulani pakati penipeni, inu muboole mabowo atatu pamzere wopindawo ndi msomali: limodzi pakati, lina kumtunda, lina kumunsi. Kusoka kwake kumayenda motere. Singano iyambire m'kati pabowo lapakati n'kutulukira kunja, koma musiye kamchira ka ulusi m'katimo. Ilowenso pabowo lakumtunda, idumphe lapakati n'kukatulukira pabowo lakumunsi, kenako ibwerere m'kati kudzera pabowo lapakati lija. Nsonga ziwiri za ulusi zikumana pamenepo. Zimangeni mokulunga ulusi wautali umene wadutsa pakatiwo. Mwana wa zaka 7 amatha kusoka yekha mukamuonetsa kamodzi.

Chomaliza, matani envulopu yakale m'kati mwa chikuto chakumbuyo. Mmenemo ndi mosungira matikiti, masamba a mitengo ndi tizipepala. Mangiriraninso pensulo kukopeko ndi chingwe, chifukwa pensulo yosamangirira imatayika basi isananyamuke n'komwe.

Muli paulendo: kuona, kutola ndi kukhutiza

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ngakhale kuti sipaoneka ngati pakupangidwa chilichonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene wathamangitsidwa kuchoka pamalo ena kupita pena amabwerako ndi mutu wodzaza koma wopanda chogwirika.

Mukafika pamalo, khalani pansi mphindi zisanu musanatulutse kope. Mufunseni mafunso oti ayankhe ndi maso ake. Madenga akuno akusiyana bwanji ndi akwathu? Dothi lakuno ndi la mtundu wanji? Chachitali kuposa zonse ndi chiti? Ukatseka maso ukumva phokoso lanji? Funso lakuti "N'zokongola eti?" lisiyeni, chifukwa yankho lake ndi "eya" basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Akasankha chojambula, chilandireni mmene chilili, kaya ndi chitseko, kaya ndi mphika wamaluwa wosweka.

Ana ena amati sadziwa kujambula. Kwa oterowo, ndiponso kwa ang'onoang'ono, kukhutiza ndi njira yabwino kwambiri. Ikani pepala lopyapyala pamwamba pa chinthu chokhakhala monga khungwa la mtengo, ndalama yachitsulo, tsamba lotembenuzidwa kuti mitsempha yake ikhale pamwamba, kapena chivindikiro chachitsulo chapamsewu chokhala ndi zilembo. Mwana agwire pepalalo ndi dzanja limodzi kuti lisasunthe, kenako akhutize ndi chekeni chogonekedwa cham'mbali. Chithunzi chimatuluka chokha ngati matsenga. Imeneyi si njira ya ana okha. Max Ernst, katswiri wa zojambulajambula wa ku Germany, anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1925 atachita chidwi ndi mizere ya matabwa apansi m'chipinda chimene ankagona. Pansi pa chilichonse chimene wakhutiza, mwana alembe dzina la malo ndi tsiku. Ngati sanayambe kulemba, akuuzeni inu mulembe mawu ake enieniwo osawakonza.

Pa zotola pali malire ofunika kumuuza mwana musananyamuke. M'malo osungirako nyama ndi zomera, ndiponso m'malo a mbiri yakale, kawirikawiri salola kutenga mwala, duwa kapena chigoba. Pamiyala yozokotedwa kalekale ndi pamanda musakhutize popanda chilolezo, chifukwa kukhutizako kumaperepesa mwalawo pang'onopang'ono. Ngati mukudutsa malire a dziko, dziwani kuti mayiko ambiri amaletsa kulowetsa dothi, mbewu ndi zomera poopa matenda a mbewu. Zikatero jambulani chinthucho n'kuchisiya pomwe mwachipeza.

Mapu a zimene mwana akukumbukira

Mukabwerako musadikire nthawi yaitali. Pasanathe masiku awiri kapena atatu, yalani pansi pepala lalikulu, kapena katoni yotambasula, n'kumuuza mwana ajambule njira yonse kuchokera pakhomo mpaka kumene munakafika. Mapu enieni abiseni kaye. Ayambe ndi nyumba kumbali imodzi, malo amene munafikako kumbali inayo, kenako alumikize ndi mzere wa msewu. Akamaliza, adzaze zapakati: mlatho, pamene galimoto inaima nthawi yaitali, phiri looneka ngati chipewa, pamene mng'ono wake anasanza. Mudzaona kuti malo amene anamusangalatsa amatenga theka la pepala, pomwe mtunda wa maola atatu umene anagona umakhala kachidutswa ngati chala. Musamuwongole. Mapu amenewa akunena zoona za ulendo wake.

Akamaliza ndiye tulutsani mapu enieni muwaike pambali pake. Apa mwana wamkulupo mungamuonetse muvi woloza kumpoto, ndi kabokosi kofotokoza zizindikiro, iyenso apange zake: kamtanda koimira mlatho, kamakona atatu koimira phiri.

Pali mtundu wina wa mapu umene ndimaukonda kwambiri, ndipo ana amaumvetsa msanga kuposa akuluakulu. Anthu a ku Marshall Islands, m'nyanja ya Pacific, ankapanga mapu a panyanja ndi timitengo tochokera ku misana ya masamba a kokonati. Ankatimangirira pamodzi, tina toongoka tina topindika, kusonyeza mmene mafunde aakulu amayendera ndi mmene amakhotera akagunda chilumba. Pamene pali chilumba ankamangapo kachigoba ka nkhono. Mapuwa sankawanyamula m'bwato. Woyendetsa ankawaphunzira ali kumtunda mpaka atawaloweza, ndipo nthawi zambiri amene ankatha kuwawerenga bwinobwino ndi mwiniwake amene anawapanga.

Muuzeni mwana nkhani imeneyi, kenako mupatseni timitengo touma, ulusi, mabatani ndi zitsekerero za mabotolo. Ayambe ndi kumanga timitengo tinayi kukhala chimango cha makona anayi. Kamtengo kalikonse kodutsa m'kati kakhale njira imene munayenda, batani lililonse likhale malo amene munaima. Mfundo zoyambirira mumuthandize kumanga, popeza chimango chikagwedera zonse zimamasuka. Dontho la guluu pamfundo iliyonse limathandiza. Akamaliza mumupemphe akuwerengereni mapu akewo, chifukwa inu panokha simungawamve.

Utoto wochokera m'dothi

Ntchito iyi imatenga masiku awiri, imadetsa zovala, koma pa zonse zimene ndayesapo ndi imene imamangirira chithunzi ku malo ake mwamphamvu. Mwana amajambula phiri ndi dothi la paphiri lomwelo.

Yambani ndi nkhani. Mu September 1940, anyamata anayi anatulukira phanga la Lascaux pafupi ndi Montignac ku France. M'katimo anapeza makoma odzaza ndi zithunzi za mahatchi, agwape ndi ng'ombe zam'tchire, zojambulidwa zaka pafupifupi 17,000 zapitazo. Ojambulawo ankagwiritsa ntchito dothi ndi miyala yofiira ndi yachikasu, komanso miyala yakuda. Kufiira ndi chikasu kwa dothi kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, chimodzimodzi dzimbiri la pakhasu. Phangalo linatsekedwa kwa alendo mu 1963 chifukwa mpweya wa anthu ochuluka unayamba kuwononga zithunzizo. Ana akamva kuti amene anapeza phangalo anali anyamata, osati akatswiri, maso amatuluka.

Paulendo, pamalo ololedwa, tapani dothi lodzaza dzanja limodzi kuchokera malo osiyanasiyana. Funani lofiira, lachikasu, lotuwa ndi lakuda, lililonse m'kapepala kapulasitiki kakekake kolembedwa dzina la malo. Pewani dothi la kudzala, la pafupi ndi migodi kapena mafakitale, ndi la m'mbali mwenimweni mwa msewu waukulu.

Kunyumba chitani izi. Thirani dothi m'botolo la kukamwa kwakukulu mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi, dzazani madzi, tsekani, mwana akhutchumule mwamphamvu. Liikeni pansi muwerenge mpaka 60. Mchenga ndi timiyala zimamira msanga, pomwe tinthu tosalala tokhala ndi mtundu timatsala tikuyandama m'madzi. Tsanulirani madzi amtunduwo m'mbale ina kudzera pa kansalu kakale, mchenga utsale m'botolo. Mbaleyo igone usiku wonse osaigwedeza. M'mawa mupeza madzi oyera pamwamba ndi phala losalala pansi. Khuthulani madziwo mosamala. Phala latsalalo ndiye utoto wanu.

Koma utoto umenewu ukauma papepala umayoyoka ngati fumbi mukapanda kuuthira chomatira. Pa masupuni awiri a phala ikani supuni imodzi ya guluu woyera uja wamatabwa, musakanize, muonjezere madzi pang'ono mpaka uzitsetsereka bwino paburashi. Ngati guluu palibe, mbali yachikasu ya m'kati mwa dzira imagwiranso ntchito, ndipo ojambula a ku Ulaya ankasakaniza utoto wawo ndi dzira kwa zaka mazana ambiri utoto wamafuta usanafale. Wa dzira sakanizani wokwanira tsiku lomwelo chifukwa suchedwa kununkha. Wakuda mupange ndi makala operedwa, woyera ndi choko. Makalawo muwanyowetse musanapere kuti fumbi lisalowe m'mphuno, ndipo kuperako kukhale kwa inu.

Pepala lake likhale lokhuthala. Thumba lapepala lakhaki limachita bwino zedi: mwana alifinye m'manja mpaka lichite makwinya, alitambasule, ndipo lidzaoneka ngati khoma la phanga. Patsamba loyamba apake kabokosi ka mtundu uliwonse n'kulemba pansi pake kumene dothilo linachokera. Mwana wanga anadabwa kuona kuti dothi la malo awiri otalikirana pang'ono chabe linatulutsa kufiira kosiyana, kwina kopita kuchikasu, kwina kodera ngati njerwa yopsa kwambiri. Anakhala nthawi yaitali akungoyerekeza timabokosi tiwirito asanajambule kalikonse.

Utoto wotsala musataye. Ku Cueva de las Manos, ku Argentina, kuli khoma la phanga lodzaza ndi zithunzi za manja a anthu akale, ambiri mwa iwo amanzere. Munthu ankaika dzanja pamwala n'kuuzira utoto mozungulira kudzera m'kafupa kobowoka. Ana asauzire ndi pakamwa. M'malo mwake sungunulani utoto ndi madzi, mwana aike dzanja papepala, wina aviike mswachi wakale n'kumakanda ndi chala kuti utoto uwazikire mozungulira dzanjalo. Akachotsa dzanja patsala chithunzi chake choyera. Banja lonse likaika manja papepala limodzi, ndi tsiku la ulendo pansi pake, chimakhala chinthu chosunga.

Phiri la mapepala

Iyi ndi ya ana a zaka 7 kupita m'tsogolo, ndipo imafuna kuleza mtima chifukwa cha kuyanika. Ngati munaona phiri paulendo wanu, pangani limenelo. Ngati ayi, Kilimanjaro wa ku Tanzania ndi chitsanzo chabwino chifukwa amasintha maonekedwe kuchokera pansi kukafika pamwamba. Ndi phiri lalitali kuposa onse mu Africa, mamita 5,895, ndipo lili ndi nsonga zitatu: Kibo, Mawenzi ndi Shira. Wokwera amayamba ndi minda, n'kulowa m'nkhalango yowirira, kenako m'tchire la zitsamba zifupizifupi, n'kufika pouma pa miyala yokhayokha, mpaka pamwamba pozizira pamene pali madzi oundana. Zimenezi zimamupatsa mwana mitundu isanu yoti apake, m'malo mwa kubiriwira kumodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba.

Dulani katoni yolimba ya masentimita pafupifupi 40 mbali zonse, ikhale tsinde. Mwana afinye nyuzipepala zakale kukhala mipira, aiunjike pakatonipo, inu mumangirire ndi selotepi mpaka muluwo utafanana ndi phirilo. Muyang'ane chithunzi limodzi. Ana ambiri amapanga phiri losongoka ngati chipewa cha mfiti, koma Kilimanjaro ndi wotambalala, ndipo pamwamba pa Kibo mpophwatalala. Mufunseni kuti, "Tayang'ananso, pamwambapo pakuoneka bwanji?" Akonze yekha.

Chomatira chake n'chosavuta: kapu imodzi ya ufa wa tirigu, makapu awiri a madzi, ndi supuni ya mchere yothandiza kuti zisachite chuku. Takasani mpaka mibulu ithe. Nyuzipepala muzing'ambe ndi manja, musadule ndi sizasi, chifukwa m'mphepete mong'ambika mumagona bwino n'kulumikizana osaoneka msoko. Mudzaona kuti nyuzipepala imang'ambika mowongoka mbali imodzi yokha, mbali inayo imakhota. Mulekeni mwana aitulukire yekha mbaliyo. Timizere take tikhale totambalala ngati zala ziwiri.

Aviike kamzere, akapanitse pakati pa zala ziwiri kuti chomatira chochuluka chibwerere m'mbale, akayale paphiri n'kusalaza. Akakuta phiri lonse kamodzi, imani. Liyanikeni pamalo odutsa mphepo mpaka liume gwa, ndipo nthawi zambiri limafuna tsiku lathunthu. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, inenso ndinalakwitsapo. Tinayala kanayi tsiku limodzi chifukwa chofulumira, kunja kunauma koma m'kati munali chinyezi, ndipo patatha sabata phiri lonse linachita chuku mpaka tinalitaya mwana akulira. Yalani katatu, kamodzi patsiku. Komaliza gwiritsani ntchito pepala loyera kuti zilembo za nyuzipepala zisaonekere pansi pa utoto.

Popaka ayambire pansi kukwera m'mwamba. Pouma pa miyala paja, utoto wadothi uja umakhala bwino kuposa wogula. Pamwamba amate thonje pang'ono kapena apake choko. Ngati akufuna, atenge ulusi wofiira aumate kuchokera pansi mpaka pansonga kusonyeza njira imene iye angadzere.

Nyumba za kutali

Masiku amene simunapite kulikonse, sankhani nyumba imodzi yotchuka muipange. Ziwiri izi ndi zimene zimayenda bwino.

Yoyamba ndi mzikiti waukulu wa ku Djenné, ku Mali, womangidwa ndi njerwa zadothi zouma ndi dzuwa. Umene ulipo lero unamangidwa mu 1907. Pachithunzi mwana adzaona timitengo tambirimbiri totulukira m'makoma, ndipo adzafunsa ntchito yake. Muyambe mwamufunsa iyeyo maganizo ake. Yankho ndi lakuti mvula imakokolola dothi la makomawo, choncho chaka chilichonse anthu amumzindawo amasonkhana kudzamata dothi latsopano, ndipo timitengoto ndi popondapo pokwera. Kuti mupange wanu, tengani kabokosi kakang'ono, mumatepo timabokosi titatu titalititali kutsogolo kukhala nsanja, mukute zonse ndi dongo losakaniza ndi udzu wouma wodulidwa tating'onoting'ono. Udzuwo umachepetsa ming'alu. Dongo lisanaume abayemo timitengo ta machesi tochotsedwa mitu. Yanikani pamthunzi, chifukwa padzuwa limang'aluka msanga. Likang'alukabe, mwana amate dongo lina m'ming'alumo monga amachitira eni akewo.

Yachiwiri ndi ya ana okonda rula ndi manambala. Piramidi yaikulu ya ku Giza, ku Egypt, imene inamangidwira mfumu Khufu zaka zoposa 4,500 zapitazo, inali yotalika mamita pafupifupi 146, ndipo mbali iliyonse ya tsinde lake ndi mamita pafupifupi 230. Mukaichepetsa ka 1,000 imakwana patebulo. Dulani katoni ya makona anayi ya masentimita 23 mbali iliyonse. Dulaninso zidutswa zinayi za makona atatu, chilichonse chokhala ndi tsinde la masentimita 23, ndipo kuchokera pakati pa tsindelo kukafika pansonga pakhale masentimita 18.6. Zilumikizeni ndi selotepi cham'kati, pakani guluu kunja, wazani mchenga. Ikatha idzatalika masentimita pafupifupi 14.6. Tsopano muuzeni mwana ajambule munthu woima pambali pake pa muyeso womwewo. Munthu wamkulu amakhala wosakwana mamilimita awiri, kadontho ka pensulo chabe. Palibe chithunzi cha m'buku chimene chimamuonetsa mwana kukula kwa piramidi ngati kadontho kameneka.

Positikhadi yopita kwa munthu weniweni

Iyi ndi yachidule, ya madzulo amodzi. Dulani katoni yoyera ya masentimita 10 kwa 15. Kutsogolo mwana ajambule chinthu chimodzi cha paulendo, kapena amatepo zimene anakhutiza zija. Kumbuyo alembe mzere pakati: kumanzere uthenga, kumanja dzina ndi adiresi ya wolandira. Mapositikhadi oyamba a boma anatuluka ku Austria-Hungary mu 1869, ndipo sitampa yoyamba yomata, Penny Black, inatuluka ku Britain mu 1840 ili ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Mwana angathe kujambula sitampa yakeyake ya malo amene anapitako, asankhe yekha choikapo. Ngati mukutumiza kudzera ku positi ofesi, yojambulayo ikhale kutsogolo monga chokongoletsa, pakona yakumbuyo pakhale sitampa yeniyeni. Chofunika n'chakuti ipite kwa munthu amene adzayankhe, kaya agogo, kaya azakhali, kaya mnzake wakusukulu. Mwana amene walandira yankho amafunsa yekha katoni ina.

Za msinkhu, chitetezo ndi kasungidwe

Ana osakwana zaka 3 asapatsidwe mabatani, timiyala kapena zigoba, chifukwa chilichonse chimathera m'kamwa. Kwa iwo kukhutiza ndi chithunzi cha dzanja n'zokwanira. Msomali, mpeni ndi kudula katoni yolimba ndi ntchito yanu pa msinkhu uliwonse mpaka mutaona kuti dzanja la mwana lakhazikika. Akamaliza kugwira dothi asambe m'manja ndi sopo. Ngati muli ndi ana ambiri, monga m'kalasi, konzani chomatira ndi utoto iwo asanafike, apo ayi theka la nthawi lithera pa kudikira.

Mwana akatopa pakati pa ntchito, imani. Phiri losapakidwa utoto lingathe kudikira sabata. Ndipo akakubweretserani chimene wapanga, m'malo mofunsa kuti "Chimenechi n'chiyani?" nenani kuti, "Tandiuza za apa," mukuloza mbali imodzi. Funso loyambalo limamuuza kuti simunazindikire, ndipo ena amachita manyazi n'kubisa pepalalo.

Zojambula za utoto wadothi ndi makala muziike pakati pa mapepala oyera kuti zisadetsane. Masamba a mitengo muwapanikize m'buku lolemera kwa sabata ziwiri musanawamate m'kope, chifukwa aawisi amaola n'kuthimbiriritsa tsamba. Phiri ndi nyumba zadongo sizikhalitsa, makamaka zopangidwa ndi ufa zimene mbewa ndi tizilombo timazikonda, choncho zijambuleni pafoni mwana ataima pambali pake, ndipo muzisunge pamalo ouma okwera. Makope onse a paulendo akhale m'bokosi limodzi, lililonse lolembedwa chaka ndi malo pachikuto, ndipo bokosilo likhale pamene mwana angalifikire yekha osapempha.